Puloti Imene Boma Linandipatsa Ndege Zitaima

Ine ndine Lazalo Daka, wa ku Mwape m'boma la Nyimba. Za ubwana wanga sindilemba, azakhali anu amazidziwa kuposa ine ndipo amakonda kuzifotokoza. Ndikulembela inu ana anga, Tisa, Yosefe ndi Malita, za nchito imene ndinagwila, momwe inathela, ndi nkhani ya puloti ya ku Petauke imene mwakhala mukuimva zidutswazidutswa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Nditatsiliza sukulu ku Minga ndinapita ku Lusaka, ndipo ndinalembedwa pa kampani ya ndege ya boma ngati wophunzila kukonza ndege. Ndinali ndisanaonepo ndege itaima pansi. Tsiku loyamba anatilowetsa mu hangala, chinyumba chachikulu cha malata m'mene ndege zimalowa zikafuna kukonzedwa, ndipo ndinadabwa kuona kuti tayala limodzi linkandifika m'chifuwa. Miyezi yoyamba sindinakhudze injini. Nchito yanga inali kutsuka mabauti m'palafini, kusesa pansi ndi kukankha makwelelo.

Kapitao wathu anali aNjobvu, munthu wamfupi wa ku Katete amene sindinamumvepo akukweza mawu. Pakhoma la gulu lathu panali thabwa lopachikapo zitsulo, ndipo chitsulo chilichonse chinali ndi malo ake ojambulidwa ndi penti. Ndege isanatuluke, aNjobvu ankaima pathabwapo n'kuyang'ana. M'mawa wina panasowa kasipanala kakang'ono. Ndege ya ku Ndola inali itadzaza kale anthu, ndipo bwana wina wa muofesi anatsika ndi tayi yake kudzafunsa chimene tikuchedwela. aNjobvu anamuuza kuti ndegeyo sinyamuka mpaka kachitsuloko kaoneke, chifukwa mwina kali m'kati mwa injini. Tinatsegulanso zonse zimene tinali titatseka. Patapita maola awili kasipanalako kanapezeka pa ine. Thumba la ovolosi yanga linali lobooka, ndipo kanatsetseleka n'kukakhala mumpindilo wa kumwendo. Ndinaganiza kuti nchito yandithela. aNjobvu anakalandila, anakapachika pamalo pake, kenako anatsegula kabati yawo n'kundipatsa singano ndi ulusi.

"Soka thumbalo," anatelo. "Mailo m'mawa ubwele msanga."

Patapita zaka zisanu ndinakhoza mayeso ndipo ndinalandila layisensi. Tanthauzo lake linali lakuti ndikakonza kanthu, ndimalemba m'buku la ndegeyo n'kusayina dzina langa, ndipo woyendetsa ndege amanyamuka pokhulupilila siginecha imeneyo. Lamulo la aNjobvu linali limodzi: usasayine chimene sunachione ndi maso ako, ngakhale akuuze ndi mnzako wapamtima. Chaka chomwecho ndinakwatila amai anu, Esinati wa ku Nyampande, ndipo kampani inatipatsa nyumba ya zipinda ziwili.

Zaka za m'ma 1980

Ananditumiza ku Ndola. Kumeneko bwana wathu anali aChanda, munthu wansangala amene ankakhala pa telefoni tsiku lonse kupempha zipangizo ku Lusaka. Inali nthawi ya kusowa. Dziko linalibe ndalama zakunja, ndipo kachipangizo kamene tikanalandila m'sabata imodzi kankatenga miyezi. Kuseli kwa hangala kunaima ndege imodzi imene inkadikila injini yatsopano. Tinayamba kuchotsako pampu, kenako mawaya, kenako mabuleki, kuti zinzake ziziuluka. Chilichonse chimene tinachotsa tinkamangapo kapepala kolonjeza kuti tidzabweza. Tinkaitcha nkhokwe. Pamene ndinkachoka ku Ndola inali itadzaza timapepala tokhatokha, ndipo nkhunda zinali zitamanga zisa m'mapiko. Kunyumbanso kunali chimodzimodzi. Amai anu ankaima pamzele wa unga, wa sopo ndi wa mafuta ophikila a saladi, Tisa ali kumbuyo, ndipo masiku ena ankabwelako ndi chimodzi chokha mwa zitatuzo.

Kuchoka apo ndinakakhala ku Mfuwe zaka zitatu. Ndinali makanika ndekha pabwalo lonse. Ndege ikatela ndinkaona matayala, mafuta ndi mabuleki, n'kusayina, basi. Masiku ena tinkayamba ndi kuthamangitsa nyama zimene zagona panjila ya ndege. Yosefe anabadwila kumeneko. Ndikayang'ana m'mbuyo, zimenezo ndizo zaka zimene ndinakhala ndi mtima wofatsa.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990

Ndinali nditabwelela ku Lusaka, ndili kapitao wa gulu langa. Mphekesela zakuti kampani ili pamavuto tinali titazimva zaka zambili moti tinaleka kuzimvetsela. M'mawa wina nthawi ya mvula tinapeza geti lili lokiya, apolisi ataima kutsogolo. Wailesi ndiyo inatiuza kuti kampani yatsekedwa. Tinaima panjapo mpaka masana, anthu ovala maovolosi oyela, ena ali ndi chakudya chawo m'manja. Mabokosi athu a zitsulo anatsala m'kati, ndipo tinawalandila patapita masabata atatu.

Boma silinakhale chete, ndipo ndiyenela kulemba zimenezi mwachilungamo. Nduna inalankhula pawailesi kuti palibe amene adzatayidwe. Panakhazikitsidwa komiti, ndipo komitiyo inatilonjeza zinthu zitatu: malipilo otsanzikana, maphunzilo a nchito ina, ndi malo olima kwa ofuna kubwelela kumudzi. Malipilo anabwela pang'onopang'ono, ndipo pofika gawo lomaliza mitengo ya zinthu inali itawasiya kutali. Maphunzilo anali a masabata awili mu holo ina m'tauni. Mphunzitsi wake, munthu waulemu ndithu, anatiphunzitsa kuweta nkhuku za nyama ndi kulemba pulani ya bizinesi. aNjobvu, amene anali atatsala pang'ono kupuma, anakhala pampando wakutsogolo n'kulemba zonse m'kabuku ndi zilembo zawo zoongoka. Tsiku lomaliza, nthawi ya mafunso, anaimilila n'kufunsa kuti ndani akulizako mainjini a ndege zimene zaima pabwalo, chifukwa injini ikakhala osaliza imachita dzimbili. Mphunzitsi anayankha kuti funso limenelo silili pa pulogalamu. aNjobvu anathokoza n'kukhala pansi. Nkhuku sanawete. Anamwalila chaka chisanathe.

Anzanga achinyamata anapita kunja, ena kumwela, ena ku maiko a Aluya, ndipo ambili sanabwelelenso. Ine ndinali nditadutsa zaka makumi anayi, ndipo layisensi yanga inali ya ndege zamtundu wakale zimene makampani ankazisiya. Kuti ndiphunzile zatsopano ndinayenela kupita kunja ndi ndalama zanga. Komanso layisensi ya makanika wa ndege imafa yokha ngati sukugwila nchito. Kalata yotichotsa m'nyumba ya kampani itafika, ndinasankha malo olima.

Pepala limene ndinapatsidwa linali la puloti mu sikimu ina ya ku Petauke, kumene kunkakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondoyo inali itatha, malole anali atawabweza kwawo, ndipo boma linaganiza zopeleka minda imene anasiya kwa anthu ngati ife. Kunena zoona, ganizolo silinali loipa. Minda inali yoswa kale, mijigo inalipo, sukulu ndi chipatala chaching'ono zinalipo. Kalaliki wa ku Lusaka anandionetsa puloti yanga pamapu n'kunena kuti ndi yopanda munthu.

Tinanyamuka mwezi wa Okutobala pa lole ya hayala, ndi mabedi, kabati, makina osokela a amai anu ndi bokosi langa la zitsulo. Tisa anali ndi zaka khumi ndi zinayi, Malita anali wapamsana. Tinafika dzuwa litapendeka, ndipo dalaivala anaimitsa lole pa chikhomo cha simenti chokhala ndi nambala yathu. Kuseli kwa chikhomocho kunali nyumba yofolela ndi udzu, nkhokwe ziwili, khola la mbuzi ndi mitengo ya mango yobala kale. Munda unali utagalauzidwa, ukudikila mvula. Mwamuna wina wamtali, wowonda, anaika khasu pansi n'kubwela kudzatilonjela. Dzina lake anati ndi Zuze. Chinsenga chake chinali cha kutsidya kwa malile, koma tinamvana bwinobwino.

Ndinamuonetsa pepala. Analigwila ndi manja awili, analiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale ndinazindikila pambuyo pake kuti Chingelezi sankawelenga. Anandifotokozela kuti anabwela wapansi ndi mkazi wake nkhondo ili m'kati, kuti mundawo anauswa yekha, ndipo kuti malole atabwela iye sanakwele chifukwa mudzi wa kwawo kulibenso. Ana ake awili oyamba anaikidwa kuseli kwa nyumbayo. Pepala la malo analibe. Mkazi wake, aLoza, anatibweletsela madzi akumwa ndi mphasa, ndipo kamwana kawo kakakazi kanaima pakhomo kakuyang'ana kabati yathu pa lole.

"Pepala ndi lanu, bambo," anatelo aZuze pondibwezela. "Mungotiuza tsiku."

Katundu tinakatsitsa pasukulu, kumene aphunzitsi aakulu anatibweleka kalasi imodzi yopanda mawindo. M'mawa mwake ndinapita ku boma. Woyang'anila sikimu, aMwanza, anandilandila bwino. Anati pepala langa ndi loona, ndipo mndandanda unapangidwila ku Lusaka ndi anthu amene sanafikepo kusikimuko. Mabanja angapo a othawa nkhondo anatsala, ndipo nkhani yawo inali isanagamulidwe. Ndinafunsa ngati pali puloti ina. Anati zotsala ndi tchile lamiyala, kutali ndi madzi, ndipo iye alibe mphamvu yosintha nambala. Kenako anatulutsa fomu ya dandaulo. Anati ndikasayina kuti ndapeza anthu olowelela pa puloti yanga yopanda munthu, apolisi adzapita Lachisanu kukawachotsa. Ndinatenga fomuyo n'kumuuza kuti ndibwelanso Lachinayi.

Amai anu sanaone chovuta pankhaniyi, ndipo mpaka lelo sindinganene kuti analakwa. Anati nkhondo ya ku Mozambiki sitinayambitse ndife, kampani sitinatseke ndife, ndipo boma lomwelo limene linatichotsa m'nyumba ndilo latipatsa mundawu. Anati mvula yatsala masabata atatu, ndipo Tisa ayenela kulowa sekondale mu Januwale.

"Atate ake Tisa," anatelo, "zaka zonsezi mwakhala mukusayina kuti ana a eni ake auluke bwino. Lelo dzanja likulemela pa pepala lodyetsa ana anu?"

Lachitatu ndinabweleka njinga ya aphunzitsi n'kupita ndekha kupuloti. Ndinapeza aZuze atachotsa kale chitseko cha nyumba, atachitsamilitsa pamtengo, ndipo aLoza akumanga miphika m'chitenje. aZuze ananditenga kuzungulila munda wonse. Anandionetsa pamene madzi amaima mvula ikachuluka, pamene nshawa zimachita bwino, chulu chimene sichifuna feteleza, ndi mbali imene anyani amalowela. Ankafotokoza ngati mmene ife tinkachitila popatsana ndege posinthana mashifiti, osabisa kanthu. Pomaliza tinafika pa milu iwili ing'onoing'ono yozungulilidwa ndi miyala. Anapempha zinthu ziwili: kuti khasu lisafike pamenepo, ndi kuti mkazi wake aziloledwa kubwela kudzasesa kamodzi pachaka. Ndinamufunsa kumene akupita. Anati sakudziwa bwino, mwina kumapili, kumene kulibe zikhomo za simenti.

Ndinamuuza kuti abwezele chitseko.

Musaganize kuti ndinamva kukoma mumtima. Ndinali ndi mantha. Koma fomu ija inkafuna kuti ndisayine kuti pulotiyo inali yopanda munthu, ndipo ine ndinali nditaona ndi maso anga kuti si zoona. Chinthu china sindinkachidziwa, koma chimenechi ndinachiphunzila bwino. aZuze ananditsatila mpaka pamsewu n'kunena kuti tigawane munda pakati. Ndinakana. Mbali yoswa inali yokwana banja limodzi, ndipo tikanagawana tonse tikanagona ndi njala, kenako tikanadana.

Lachinayi ndinakabweza fomu yosasayina, ndipo ndinaikanso pepala la puloti patebulo la aMwanza. Iwo anatenga fomuyo, koma pepalalo analikankhila kwa ine. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"aDaka, pepalali musabweze," anatelo motsitsa mawu. "Mukabweza, Lusaka itumiza munthu wina, ndipo ameneyo adzasayina. Likakhala m'dzina lanu, aliyense wobwela ndidzamuuza kuti pulotiyo ili ndi mwini wake."

Ndinalipinda n'kuliika m'thumba.

Kuyambila pamenepo mpaka kupuma

Tinatsikila ku Nyimba. Tinachita lendi chipinda chimodzi kuseli kwa sitolo, m'mbali mwa msewu waukulu. Kabati ndi bedi limodzi tinagulitsa. Tisa sanalowe sekondale mu Januwale uja, anakhala chaka chathunthu akugulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi, ndipo atabwelela kusukulu anzake anali atamusiya. Unamwino umene ankaufuna sanaufike. Tisa, zimenezi ndikuzidziwa, ndipo sindinakupepesepo ndi pakamwa. Ndikupepesa pano. Amai anu anakhala pafupifupi zaka ziwili akundilankhula zofunika zokhazokha, za mchele, za sopo, za mwana akadwala. Makina awo osokela ndiwo anatidyetsa miyezi yoyamba.

Ine ndinamanga kashedi ka malata n'kutsegula bokosi langa la zitsulo. Ndinayamba ndi njinga. Kenako mwini chigayo wina anandiitana injini yake itafa pakati pa nyengo yokolola, ndipo itadzuka mbili inafalikila. Ndinakonza zigayo, mijigo, mapampu a m'madimba, ndipo m'zaka zam'mbuyomu njinga zamoto. Anthu ankanditcha aNdege, ndipo ena mpaka lelo sadziwa dzina langa lenileni. Ankadandaula kuti ndimachedwa, chifukwa bauti iliyonse ndinkaiona kawili, koma ankabwelanso. Layisensi yanga inafa chaka chachiwili. Palibe amene anandilembela kalata yondiuza, ndinangowelenga miyezi ndekha. A komiti ija anabwelapo kamodzi kudzaona mmene tikukhalila. Anandifunsa kuti ndili ndi nkhuku zingati, ndipo nditawauza kuti ndilibe, analemba kanthu m'buku mwawo n'kupita.

Chaka chilichonse pambuyo pa kukolola, lole ya thonje inkatsitsa thumba la nshawa pashedi panga, lochokela kwa aZuze. Thumba loyamba amai anu anakapeleka kutchalitchi osalitsegula. Thumba lachiwili chimodzimodzi. Thumba lachitatu anasenda n'kusinja. Kawili konse kunabwela anthu ofuna pulotiyo, ndipo kawili konse ofesi inawauza kuti ndi ya aDaka. Ndi aZuze tinaonana maso ndi maso mwina kasanu kokha zaka zonsezo. Sitinali mabwenzi m'njila imene anthu amanenela. Atamwalila ndinapita kumalilo, ndipo anaikidwa pafupi ndi ana ake aja. Shedi ndinaitseka maso atayamba kuvuta.

Chaka chatha

Boma linayamba kuyezanso mapuloti a musikimu kuti lipeleke mapepala okhalitsa. Yosefe, iwe unamva nkhaniyi ku Lusaka n'kubwela. Unati malowo tsopano ali ndi mtengo, dzina lili pamenepo ndi la Daka, ndipo iwe uli ndi ana atatu koma nchito yokhazikika ulibe. Mawu ako anali omveka, anafanana ndi a amai ako a nthawi ija. Ndinakuuza kuti ndiganize, ndipo unabwelela usanamve yankho.

Sabata yotsatila kunabwela Felisita, mwana wa aZuze, yemwe uja anaima pakhomo kuyang'ana kabati yathu. Tsopano ndi mai wa ana anayi, ndipo ndiye amalima pulotiyo n'kusamala aLoza. Anabwela ndi kalata ya oyeza malo yonena kuti mwini puloti akaonekele ku ofesi. Sanapemphe kanthu. Anangoika kalatayo pamphasa n'kunena kuti yafika kwawo koma ndi yanga. Atapita kukagona kwa abale ake a kutchalitchi, amai anu anatsegula sutikesi, anatulutsa pepala lija m'pulasitiki mmene analisungila, n'kundiuza kuti ndichape shati chifukwa mailo tikupita ku Petauke.

Tinakwela basi tonse atatu. Ku ofesi aMwanza kunalibe, anapuma kalekale. Tinapeza mtsikana wa kompyuta amene anamvetsela nkhani yonse mwaulemu, kenako anatulutsa fomu yosinthila dzina. Analemba dzina langa, dzina la Felisita, nambala ya puloti. Atafika pamzele wina anaima n'kufunsa kuti Felisita ndi ndani wanga, chifukwa fomu imafuna chibale cha wopeleka ndi wolandila. Ndinayang'ana Felisita, iye anayang'ana pansi. Mtsikanayo anati mwina alembe kuti mwana wa mlongo wanga, poti ambili amatelo. Ndinati ayi, zimenezo si zoona. Amai anu, amene anali atakhala pabenchi kumbuyo ndi ndodo yawo, ndiwo anayankha.

"Lembani kuti ndi amene tinawapeza."

Mtsikanayo anati mawuwo sakwana pamzelepo. Amai anu anamuuza kuti alembe ting'onoting'ono. Analemba, ndipo ine ndinasayina.